Phewa la Ulimbo

6 Malichi

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi onse a pakhomopo. Kuno tilipo, kamdzukulu kanu kayamba kuima kogwirira mipando, ndipo kakuluma chilichonse poti mano akutuluka.

Ndalemba ndine mpongozi wanu chifukwa mkono wamanja wa mwana wanu uli m'nsalu yokoleka m'khosi, sangathe kugwira cholembera. Pafoni tinayesa, koma inu ndi makutu anuwo munangomva mawu oti chipatala n'kuyamba kulira, ndiye ndati ndifotokoze bwinobwino papepala.

Zinachitika Loweruka lija kubwalo la mpira. Ine ndinali m'gulu la oonerera, mwana ali kumsana. Mpira unabwera m'mwamba, iwo n'kudumpha kuti augwire monga achitira nthawi zonse. Wosewera wa timu inayo anawagunda ali m'malere, ndipo anakagwera phewa pachitsulo cha golo. Anthu anali akukuwa kuti "Ulimbo! Ulimbo!", dzina lija anawapatsa poti mpira ukafika m'manja mwawo suchokamo. Mpirawo anaugwiradi, amayi, anagwa nawo ali chiufungatire. Koma sanadzuke.

Phewa linaguluka, ndipo mitsempha imene imaligwira inang'ambika. Adokotala aisoka Lachiwiri lapitali. Akuti ntchito yayenda bwino, ndipo akasunga malangizo adzabwerera pagolo chaka chisanathe.

Timu yawapatsa mayi wina wa mafizo amene ntchito yake ndi kuphunzitsa osewera ochitidwa opaleshoni mmene angakhalire ndi ululu mpaka atachira. Ndi mayi wamfupi, wolankhula motsitsa, ndipo akuti kale ankathamanga pa mipikisano mpaka bondo linamukana. Bambo a mwana amutcha kale dzina, akuti "aphunzitsi a ululu". Atangotuluka mayiyo m'chipinda anandifunsa kuti, "Kodi ululu nawo tayamba kuchita kuupitira kusukulu?" Ndinaseka, iwonso anaseka, koma kusekako kunagwedeza phewa mpaka misozi inatsika.

Tiuzeni za kumeneko. Msana wanu uli bwanji? Nanga kagolosale kakuyenda? Kalatayi ndapatsira alamu, akuti adutsa kumeneko ndi lole mawa.

Ndine mpongozi wanu.

19 Malichi

Mzime wanga,

Moni mwana wanga. Ine ndilipo, kungoti msana ndi womwe uja, ndipo chilandirireni kalata ija chakudya sichikulowa.

Kalatayi ndikulembera iwe, ngakhale ndikudziwa kuti wotsegula ndi mkazi wako. Ndawerenga zonse zimene walemba, koma mawu ako sindinawamvemo. Kodi ndi mkono wokha wavulala kapena ndi pakamwa pomwe? Ukanamuuza kuti alembe ndendende zimene iwe ukunena. Ine ndinakubala, ndimadziwa mmene umalankhulira ukamamva kuwawa. Uli wamng'ono unagwa mumtengo wa kuseri kwa golosale n'kubisa bala mpaka linanunkha, kuopa kuti ndikuletsa mpira. Lero ukuseka pamaso pa anthu, koma ine sungandinamize.

Za mayi wophunzitsa ululuyo sindikuzimvetsa. Malemu bambo ako atadwala, achipatala sanatitumizire mphunzitsi, anatipatsa mankhwala, munthu n'kugona. Iweyo akukupatsa mankhwala okwanira? Ukugona? Ukudya?

Anyamata a pano amabwera pagolosale kudzafunsa kuti Ulimbo abwerera liti. Chithunzi chako chija uli mu jezi yachikasu ndachichotsa kuchipinda, ndachikhoma pamwamba pa shelefu ya sopo kuti aliyense wogula azikuona.

Ndikanabwera, koma ndisiyira yani pano? Undiyankhe ndi mawu ako.

Mayi ako.

2 Epulo

Okondedwa Amayi,

Moni wochokera kwa tonse. Kalata yanu inafika, ndipo ndinawawerengera yonse osadumpha liwu. Ndinawafunsa kuti ndilembe chiyani, anangoti, "Uwauze ndili bwino," n'kutembenukira kukhoma. Mawu awo ndi amenewo. Otsalawa ndi anga.

Sali bwino kwenikweni, amayi. Ulusi anachotsa, bala lauma, koma mafizo ayamba ndipo ndi owawa. Timapita kuholo ya kuchipatala kumene kuli mabedi aatali ndi zingwe zolendewera. Aphunzitsi amawaweramitsa kuti mkono uzilendewera n'kumazungulira wokha pang'onopang'ono. Kenaka amawagoneka chagada, n'kuukweza mkonowo ndi manja awo. Pamenepo mwana wanu amaluma mano, thukuta lili noninoni.

Mayiyu sakalipa. Amawafunsa kuti, "Ndiuzeni, ukukoka, ukutentha kapena ukubaya?" Akuti pali ululu wa mnofu umene ukuchira, umenewo umakoka ndipo munthu akapuma umazirala. Palinso ululu wa mnofu umene ukung'ambika, umenewo umabaya ngati singano, ndipo ukabwera uyenera kusiya nthawi yomweyo. Akuti munthu akazolowera mankhwala amphamvu sangathenso kusiyanitsa ziwirizi. Amawaphunzitsa kupuma mokoka mpweya ndi mphuno n'kuutulutsa pang'onopang'ono pakamwa, ndipo ine wandiphunzitsa kukulunga ayezi m'kansalu n'kuika paphewa tikafika kunyumba.

Vuto lili pa mapilitsi. Adokotala ndi aphunzitsi anagwirizana kuti amphamvu aja azichepa sabata ndi sabata, kutsale wamba. Bambo a mwana anayamba kumwa nthawi isanakwane, ndiye anandipempha ine kuti ndiziwasunga. Anapempha okha, amayi, pamaso pa aphunzitsi. Ndimawatsekera mu dilowa ya makina anga osokera. Koma ululu ukabwera amaiwala kuti anapempha. Dzulo masana anaima pambali panga ndikusoka diresi la kasitomala, nati, "Iwe, kodi mkonowu ndi wako?" Ndinati tiyeni tipume limodzi monga anatiphunzitsira. Anakankha mbale ya ayezi ndi phazi, mwana n'kudzidzimuka.

Chimene chikuwapweteka kwambiri ndikuona ngati si phewa lokha. Timu yaika mnyamata wina pagolo, ndipo wagwira bwino masewero apitawa. Wailesi ikayamba kumutama, iwo amatuluka panja. Komanso aletsedwa kunyamula mwana. Kamwanako kamakwawa n'kukagwira mwendo wawo, kali manja m'mwamba, iwo n'kungokayang'ana.

Muziwalembera mawu olimbikitsa. Inu amakumverani.

Ndine mpongozi wanu.

5 Epulo

Amayi,

Ndalemba ndi dzanja lamanzere, mukhululuke zilembo zokhotazi. Akulu anga ndawapatsa ndekha kalatayi, mayi a mwana sakudziwa.

Ndikuvutika. Phewa likuyaka ngati munthu wathirapo makala. Mankhwala alipo m'nyumba muno koma mkazi wanga amawatsekera. Ndimachita kupempha ngati mwana. Iye ndi mayi wa mafizo uja ali pamodzi, akuti ndizipuma mpweya. Mpweya, amayi!

Pagolo panga pali munthu wina. Ndikachedwa andiiwala. Ndikanakhala kuti sindikumva kuwawa, bwenzi ndikuchita mafizo mwachangu n'kubwerera msanga.

Mapilitsi aja anatsala pa matenda a bambo, mukadali nawo? Aja ankawagonetsa aja. Nditumizireni. Musauze munthu.

Mzime wanu.

16 Epulo

Mpongozi,

Moni. Ine ndilipo.

Kalata yako ndinaiona. Ukulemba bwino, mawu ako ndi osalala, koma ine ndili ndi funso. Unaona kuti munthu wodwala akuchita kupempha mankhwala ake omwe m'nyumba yake yomwe? Mwana wanga si wakuba kuti uzimutsekera zinthu. Pamene ankabwera ndi mphoto, anthu akumuimbira m'misewu, unkayenda pambali pake mutu uli m'mwamba. Lero wagwa, wasanduka wapolisi wake.

Mayi wophunzitsayo akaweruka amapita kwawo kukagona. Wotsala ndi ululu ndi mwana wanga. Ine ndinadwazika bambo ake mpaka tsiku lomaliza, ndipo sindinawamanepo mankhwala ngakhale kamodzi. Umenewo ndiwo ukazi wa pabanja umene ine ndimaudziwa.

Sindikuti ndiwe woipa. Mwina watopa, poti uli ndi khanda ndi makina. Ngati watopa unene.

M'katoni imene ndapatsira mlamu wako muli sopo, mafuta odzola a mwana, ndi juzi ya mwamuna wako imene anaiiwala kuno. Juziyo umupatse yekha, usaichape, ndi yochapa kale.

Apongozi ako.

3 Meyi

Okondedwa Amayi,

Moni. Tili bwino, ndipo lero ndikunena zoona ndikati tili bwino.

Kalata yanu inandiliza, sindibisa. Ndinaiwerenga ndili pamakina, ndipo ndinasoka mkono wa bulauzi chammbuyo mpaka kusosola. Ndinafuna kuyankha tsiku lomwelo koma ndinaopa kuti ndilemba mawu oipa. Ndinadikira mtima utsike. Mwina munanena zoona kuti ndinatopa.

Koma mverani nkhani yabwino. Masabata awiriwa mwana wanu wasintha. Sakupemphanso mapilitsi. Ena amphamvu amene anatsala mu dilowa ndinakawabweza kuchipatala, iwo osadandaula n'komwe. Akugona bwino, nthawi zina mpaka masana. Nsalu ya m'khosi anaivula. Amaima pakhoma n'kumakweza zala ngati kangaude, ndipo adutsa kale pamene aphunzitsi analemba ndi choko. Ayambanso nthabwala zawo zija. Lamulungu anavala diresi la kasitomala wonenepa limene ndinapachika pachitseko, n'kumavina m'chipinda chochezera, mwana akuwomba m'manja. Ndinaseka mpaka m'mimba kuwawa. Chichitikireni ngoziyi m'nyumba muno munali musanamveke kuseka kotero.

Chondidabwitsa ndi aphunzitsi. M'malo mosangalala, nkhope yawo yagwa. Lachinayi anaukweza mkono mpaka pamwamba, nafunsa kuti, "Ukukoka kapena ukubaya?" Iwo anati, "Palibe chimene ndikumva." Mayiyo anawayang'ana m'maso nthawi yaitali. Potuluka anandiitanira pambali nati, "Mayi, phewa la miyezi iwiri siliyenera kukhala chete chonchi. Pali china chimene akumwa?" Ndinapsa mtima, amayi. Ndinati mankhwala onse ndimasunga ndine, ndipo mwamuna wanga sanandinamizepo. Ndinati munthu akamavutika mukuti apirire, akachira mukuti wanama, mukufuna chiyani? Anangoti, "Pepani. Koma asanyamule kanthu kolemera, chonde."

Madzulo ena amapita kukaona anzawo akuchita masewero okonzekera. Akuti amangokhala pabenchi.

Zikomo chifukwa cha sopo ndi mafuta. Juzi ija anailandira ndi manja awiri, sakulola kuti munthu aikhudze.

Ndine mpongozi wanu.

26 Meyi

Ana anga,

Moni nonse. Kodi kuli bwanji kumeneko? Iyi ndi kalata yachiwiri chilandirireni yanu ija ya nkhani yabwino, koma yankho palibe. Mpongozi, mlamu wako nayenso sanaime pano, lole ndinangoiona ikudutsa pamsewu osaliza ndi hutala yomwe. Ndinatuma mwana wa aneba kuti aimbe foni, akuti ikungoitana.

Mwina mwatanganidwa ndi chisangalalo. Ngati ndi choncho, palibe mlandu. Ine ndauza kale aliyense wobwera pagolosale kuti Ulimbo akuvina, mwezi wamawa mumumva pawailesi.

Mpongozi, mawu anga aja usawasunge mumtima. Waona wekha kuti munthu akagona bwino amachira. Ife akuluakulu pali zina timazidziwa.

Mzime wanga, ngati juzi ija yayamba kuchepa undiuze, kuno kukadali ina.

Ndilembereni. Kamdzukulu kanga kayamba kuyenda?

Mayi wanu.

30 Meyi

Amayi,

Moni. Ndine mwana wanu wamkulu. Ine si wolembalemba, mukudziwa, koma izi sindikanatha kukuuzani pamaso chifukwa ndikanachita kukuwa kuti mumve, ndipo golosale yonse ikanamva. N'chifukwa chake ndinadutsa osaima.

Munandinyamulitsa chiyani m'katoni ija?

Mng'ono wanga ali m'chipatala. Mwana wake nayenso anagonekedwa koma watuluka. Zinachitika pa 11 mwezi uno, masana. Mlamu anali pamakina. Mng'ono wanga anatola mwana pansi n'kuyamba kumuponya m'mwamba monga ankachitira asanavulale. Mlamu anakuwa kuti mutsitseni. Iye anaseka nati, "Ukuopa chiyani? Ine ndine Ulimbo." Anaponyanso. Pobwera mwanayo, mkono unangogwa wokha ngati chingwe chaduka. Mwana anamenyetsa mutu pangodya ya thebulo la makina n'kugwera pasimenti. Kamkono kathyoka, ndipo pachipumi amusoka.

Mlamu akuti chimene sadzaiwala n'chakuti mwana akulira, magazi ali pansi, mwamuna wake anangoima akudziyang'ana mkono, maso ali tulo. Zonse zimene adokotala anasoka zinali zitang'ambika, koma iye sanamve kanthu. Kuchipatala mwana akumusoka, iye anagona pabenchi mpaka kuliza mkonono. Namwino ndi amene anamutsegula zikope n'kuitana adokotala.

Mawa lake mlamu anapita kunyumba kukatenga zovala. Anasanthula chikwama cha mpira. Mapilitsi anawapeza m'zala za magolovesi, chala chilichonse chodzaza. Kabotolo kanali m'thumba la juzi, kali ndi dzina la malemu bambo. Anandionetsa. Ine ndinazindikira juzi ija.

Kubwalo sankakhala pabenchi ayi. Anyamata andiuza kuti ankalowa pagolo kumagwira mipira kochi akachoka.

Amuchitanso opaleshoni. Adokotala anena mosabisa kuti mkono udzagwira kapu, udzavala malaya, koma sudzakweranso kupitirira mutu. Za golo zatha.

Mlamu watenga mwana wapita kwa achemwali ake, kutsidya kwa tauni. Sanatukwane munthu. Anangoti akufuna malo amene angagone osatsegula diso limodzi.

Akatuluka m'chipatala afunika munthu. Ine ndili pamsewu. Tsekani golosale. Ndidzaima Loweruka m'mawa, mudzakhale mutakonzeka.

Mwana wanu wamkulu.

21 Juni

Mwana wanga, mayi a mdzukulu wanga,

Moni. Ndikufunsa za moyo wako ndi wa mwana. Kamkono kali bwanji? Akudya? Kalatayi ndapatsira mlamu wako poti ine kumene uliko sindikudziwako, ndiponso sindikudziwa ngati ungafune kundiona.

Ndili m'nyumba mwako. Ndimagona m'chipinda chochezera, pafupi ndi thebulo la makina. Mutu wa makina unautenga, thebulo latsala ndi dzenje pakati. Ngodya ija ndaikulunga ndi nsalu, sinditha kuiyang'ana.

Tsiku loyamba kupita kuholo ya mafizo ndinavala ngati ndikupita kukhoti. Ndinkadziwa kuti mayi uja akudziwa zonse. Ndinakonzeka kuti andinyoze pamaso pa anthu. Anandipatsa mpando, nakhala moyang'anana nane kuti ndiziona milomo yake, nalankhula pang'onopang'ono. Anati, "Amayi, munatumiza chifukwa mwana wanu analira. Tsopano aliranso, kuposa poyamba, chifukwa thupi lazolowera mankhwala aja. Adokotala aziwachepetsa pang'onopang'ono. Osunga mukhala inu. Mutha?" Ndinati nanga inu simungamuchotsere ululuwo? Anati, "Ine sindichotsa ululu. Ndimakhala naye munthu mpaka aone kuti ungathe kufika n'kupita iye akadali moyo."

Wandiphunzitsa kuika dzanja pachifuwa pake n'kumapuma naye. Nkhalamba ngati ine kuphunzira kupuma! Wandiphunzitsanso za ayezi, ndi kumufunsa ngati ukukoka kapena ukubaya.

Masabata awa ndaona zimene sindinaonepo. Amanjenjemera dzuwa likuswa mtengo, amasanza, miyendo siikhala malo amodzi. Lolemba masana anagwada pakhomo la khitchini ndikutsuka mbale. Anati, "Amayi, limodzi lokha. Inu si uja munandimvera chisoni?" Ndinati nthawi sinakwane. Anaimirira nati, "Bambo munkawapatsa chifukwa munkafuna afe msanga. Ine mukundimana chifukwa mukufuna ndivutike." Ine wosamva, mawu amenewo ndinawamva onse. Ndinasiya mbale mu sinki. Kenaka ndinapukuta manja, ndinamukhazika pampando, ndinaika dzanja pachifuwa pake. Analikankha. Ndinaliikanso. Tinapuma mpaka kunjenjemera kunachepa, ndipo analira atatsamira pamimba panga.

Iwe unkachita zimenezi wekha, mwana ali kumsana, kasitomala akudikira diresi, kenaka n'kulandira kalata yanga ija.

Za golo sakuzitchula. Kochi anabwera ndi anyamata kudzamuona, iye anakana kutuluka kuchipinda. Chimene amafunsa ndi mwana basi. Amati, "Kodi chipsera chidzaoneka akadzakula?"

Sindikukuuza kuti ubwerere, pakamwa panga pataya ufulu umenewo. Ndikungopempha uthenga wa mwana, ngakhale mizere iwiri, kuti ndizikhala ndi chomuuza.

Apongozi ako.

9 Julayi

Amayi,

Moni. Kalata yanu ndinailandira kalekale, koma ndimati ndikagwira cholembera dzanja limalemera.

Mwana ali bwino. Pulasitala anachotsa, kamkono kalunga. Chipsera chilipo pamwamba pa diso lamanzere, anamwino akuti chidzazirala koma sichidzatheratu. Wayamba kuyenda. Anayambira pakhonde la achemwali, kuchoka pa ndowa kukafika pamwendo wanga. Ndinatembenuka kuti ndiitane bambo ake adzaone, ndinaiwala kumene ndili.

Koma pali chinthu china. Munthu wamwamuna akawerama n'kutambasula manja kuti amunyamule, amakuwa mpaka kubanika. Amuna a achemwali anayesa kamodzi, mwana anadzikodzera. Tsopano amangomupatsa moni ali patali.

Inu sindikukusungirani mkwiyo umene mukuganiza. Masiku oyamba ndinali nawo, sindinama. Koma chimene chimandipweteka mtima si katoni ija. Ndi masabata aja ndinakulemberani kuti tili bwino. Ndinkaona ngati mwamuna wanga wabwerera. Ndinaseka naye, ndinakalipira mayi wosalakwa chifukwa cha iye, ndinati sanandinamizepo. Pamene ine ndinkasangalala, iye ankalowa kubafa ndi magolovesi. Tsopano ndikakumbukira kuvina kuja sindidziwa ngati ndinkaseka ndi mwamuna wanga kapena ndi mapilitsi a malemu apongozi.

Kubwerera panopa sindingathe. Sindikunena kuti mpaka kale, sindikudziwa.

Ndinapita kwa aphunzitsi kukapepesa. Sanandilole kumaliza. Tinakambirana za mwana, ndipo anati mantha a mwana amafanana ndi phewa, sukoka mwamphamvu. Akuti ndingathe kubwera naye kuholo Lachinayi likudzali, pamene pali anthu ndi malo aakulu. Ndavomera.

Muwauze bambo ake izi, ndipo amvetse. Adzakhale pansi pamphasa ya mafizo, osati pampando. Manja adzaike pamaondo. Asadzamuitane, asadzatambasule manja, ngakhale mwana atayandikira bwanji. Akafuna kubwera adzabwera yekha. Akadzalephera kusunga zimenezi, ndidzamunyamula n'kutuluka.

Inu muzipumako, msana wanuwo. Ayezi akatha, pagolosale ya pakona amagulitsa, mungonena kuti mwatumidwa ndi atelala.

Ndine mpongozi wanu.

15 Julayi

Mwana wanga wamkulu,

Moni. Uli bwanji pamsewupo? Ukadutsa kwathu uone ngati denga la golosale silikudontha, ndipo undiuze.

Unandifunsa kuti ndidzakuuze za Lachinayi. Mng'ono wako anadzuka m'mawa nameta ndevu ndi dzanja lamanzere mpaka kudzicheka. Anandipempha kuti ndimumange mabatani a malaya oyera aja. Nthawi ya mankhwala ake inakwana tisananyamuke, koma anati ndisunge, akufuna mwana akamuone ali maso. M'basi monse thukuta linali kutsika, akupuma monga anamuphunzitsira.

Tinafika ife poyamba. Aphunzitsi anayala mphasa pakati pa holo, iye nakhala pansi, mkono uli m'nsalu, dzanja linalo pabondo. Mlamu wako analowa atamugwira mwana dzanja. Waonda mlamu wako. Anandipatsa moni mwaulemu, mwamuna wake anangomugwedezera mutu.

Kamwanako kakuyendadi, miyendo tang'a, ngati kakuponda pamatope. Kanazungulira holo yonse. Kanagwira zingwe, kanamenya bedi ndi chikhatho, kanapita kwa aphunzitsi n'kuwakoka malaya. Kenaka kanaona bambo ake. Kanaima. Panali mtunda ngati kuchoka pakhomo kufika pawindo. Kanamuyang'ana nthawi yaitali, chala chili m'kamwa. Ine ndinkayang'ana dzanja la mng'ono wako. Zala zinakanirira pabondo mpaka thalauza linakwinyika, koma dzanjalo silinachoke.

Kanaponda kamodzi kubwera kwa iye. Kenaka kanatembenuka, kanathamangira kwa mayi ake n'kubisa nkhope mu siketi. Sikanalire. Koma sikanabwererenso.

Atapita, iye anakhalabe pamphasa paja. Aphunzitsi anagwada pambali pake namufunsa monga amafunsira masiku onse kuti, "Ukukoka kapena ukubaya?" Anati, "Ukubaya." Mayiyo anayang'ana phewa, kenaka anayang'ana nkhope yake, ndipo sanakhudze mkono. Anangokhala naye pansi pomwepo mpaka odwala ena anayamba kulowa.

M'basi pobwerera mng'ono wako ankangoyang'ana pawindo. Titatsala pang'ono kutsika anaweramira kukhutu kwanga nati, "Kakuyenda bwino, eti amayi?" Ndinati eya, kakuyenda bwino.

Mlamu wako sananene ngati adzabweranso. Ife Lachinayi tipitabe.

Mayi ako.